Kaseti ya Malemu Kamtengeni

Lachinayi, 1 Ogasiti 1996

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Lero ku pulakatisi ya kwaya abusa anatiwerengera kalata: makwaya a amayi ofuna kukaimba ku msonkhano waukulu ku Dedza atumize kaseti ya nyimbo zitatu pasanafike pa 24. Akasankha pomvera kasetiyo. Amayi onse zii. Ndiye Elube, mnzanga wa alito uja, akuti, "A ku Area 23 anajambula kale, ali ndi wailesi ya makaseti awiri." Ine osaganiza n'komwe: "Wailesi si nkhani, ndibweretsa ine." Anawomba m'manja. Mtsogoleri wathu, mtsogoleri wathu.

Wailesi yake iti? Yathu ili pamwamba pa kabati, matumbo ake ali m'jumbo. Bambo a Tracy anaitsegula mu Juni ndi mpeni wa patebulo, ati akuchotsa fumbi. Potseka anatsala ndi timasikuluwu titatu ndi kasipuling'i. Chiyambire imangoti hmmm ngati munthu wosakhulupirira zomwe akumva. Mpaka lero sanapepese. Amati inali yokalamba kale.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Poweruka ku ofesi ndinadzera ku Biwi kwa aMusa okonza mawailesi, jumbo ili m'manja. Anakhuthulira zonse pa benchi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, mwana wachita izi mum'dzudzuleko."

"Ndi bambo a kunyumba."

"Oo. Ayi, anayesetsa ndithu."

Akuti yathuyo tingoiiwala. Zatsopano za m'masitolo a ku tauni n'zodula komanso zopepuka ngati chikho, chaka chimodzi zatha. Akuti ndisake yakale, yolemera, yomwe mwini wake ankaikonda. Ndizitenga mabatire anga, ndi kaseti yomwe sindingailire ikadyedwa. Batani lofiira lojambulira ndizidina ndekha, osalola wogulitsa andidinire. Ndiponso ndizinunkhiza kumbuyo. Ikamanunkha ngati tsitsi lopsa ndiisiye, ngakhale atandipatsa ulere.

Kaseti yosailira ndapeza: ya ulaliki wa alamu anga.

Loweruka, 3 Ogasiti

Ine ndi Elube ku msika waukulu, kuseri kwa a kaunjika, komwe amayala mawailesi pa masaka limodzi ndi maayironi ndi nsapato za mwendo umodzi. Fumbi la Ogasiti, mphepo ikungolimbana ndi zitenje zathu.

Woyamba anali bambo wa chipewa cha chikopa. "Iyi yangotsika kumene ku Joni, mayi, sinayambe yalirapo m'Malawi muno." Ndinaika mabatire. Sinalirebe m'Malawi muno.

Yachiwiri inalira bwino ndithu, koma Elube ataitukula panatuluka mphemvu zinayi, banja lathunthu. Wogulitsa akuti zimenezo ndi basela.

Yachitatu ndinaikonda. Yasiliva, ya timagetsi tobiriwira tovina. Ndinaikamo alamu. Analalikira mpaka pa "abale ndi alongo," kenako mawu anayamba kukoka ngati munthu akumira, kenako zii. Potsegula, tepi yonse ili panja ngati matumbo a nkhuku. Wogulitsa akuti vuto ndi kaseti yanga, ndamudwalitsira wailesi. Elube anamuyankha za ku Ntcheu zomwe sindingalembe muno. Pa minibasi njira yonse ndimakulunga alamu ndi bolopeni.

Anthu amandiyang'ana ndikamanunkhiza. Mayi wina wa tomato anafunsa mnzake ngati ndili ndi pakati.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Amayi atatu andifunsa za wailesi potuluka m'tchalitchi. Ndati ili ku sevisi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Nthawi ya lanchi ndayamba kumakawerenga bolodi la pakhomo pa sitolo yaikulu ku City Centre, pomwe azungu obwerera kwawo amamatapo timapepala ta zogulitsa. Firiji, njinga ya mwana, bwato (bwato ku Lilongwe?), galu wofuna banja labwino. Lero ndapeza: Area 10, Loweruka 8 koloko, zonse zipite, pali ndi zoimbira. Ndinakopera nambala ya nyumba pa dzanja, kenako ndinasamba m'manja ndisanadye. Ndinabwereranso.

Bambo a T. akuti ndikatenge bwatolo, tidzawolokere kupita ku tauni mlatho ukadzakokoloka. Kuseka okha.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ku pulakatisi ndinati wailesi ikudikira sipeya wochokera ku Blantyre. Mayi busa potseka anaipempherera, kuti Ambuye akhudze dzanja la amisiri. Ndinayankha ameni motsitsa kwambiri.

Loweruka, 10 Ogasiti

Tinafika 8 koloko yeniyeni, ine ndi Elube titatchena ngati tikupita ku ukwati. Kumayadi kulibe minibasi, tinayenda kuchokera ku City Centre mpaka nsapato kuluma. Pa geti tinakumana ndi anthu akutuluka kale, wina wasenza sipika, wina matiresi. Bambo wa chipewa cha chikopa uja ali pomwepo, wakumbatira wailesi ya makaseti awiri ngati khanda. Anandipatsa moni mwaulemu. Lolemba ikhala itangotsika kumene ku Joni.

Mlonda anatiuza chinsinsi mochedwa: a bizinesi amafika 6 koloko, ena amabwera dzulo lake.

Mayi wachizungu, atafiira ndi kutopa, anatisonyeza zotsala. Galamafoni ya matabwa, yaitali ngati bokosi la maliro, ndi mbale zake mulu. Chimakina china cha mawilo awiri a tepi, akuti chimajambula bwino kuposa kaseti. Ndinayesa kuchinyamula: thumba la simenti. Nanga ku Dedzako akamvera pa chiyani?

Elube anapeza maikolofoni m'katoni ya zinthu za ku bafa. Yaitali, yapinki, ya timabowo kumutu, ndi chingwe chake chomwe. Anagula msangamsanga wina asanaione. Njira yonse akuimbiramo, agalu a m'mipanda akuyankhira. Tinadzera kwa aMusa kukaonetsa. Anaitembenuza, kuilumikiza ku magetsi, inayamba kuuzira mphepo yotentha. Choumitsira tsitsi. aMusa sanaseke. Anangolowa kuseri kwa katani kwa kanthawi, katani ikugwedezeka.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Matuza awiri. Ndapita ku tchalitchi ndi silipasi, ndatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Lolemba, 12 Ogasiti

Kwatsala masiku 12. Ndayamba kudzera njira ya kuseri kwa chigayo kuti ndisakumane ndi amayi a kwaya.

aMusa anandiimbira foni ku ofesi. Ku Area 18 kunamwalira kasitomala wawo mwezi watha, a Kamtengeni, opuma pantchito. Akuti munthu ankagula chilichonse cholira. Pa maselo onse a katundu wa azungu obwerera kwawo kwa zaka makumi awiri, wa 6 koloko woyamba anali iye. Tsopano abale ake abwera kuchokera kumudzi, akugulitsa katundu, akufuna kubwerera Lachinayi.

"Muli wailesi yakuda ya chogwirira chachitsulo, ndinaisinthapo lamba kawiri. Imeneyo ndi imene mukufuna. Ine sindipitako, mtima sukundilola."

Sindinafunse chifukwa chake. Mawa ndidwala dzino.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Dzino linayamba 10 koloko. Abwana anandimvera chisoni.

Nyumba ya pakona, mtengo wa mapeyala pakhomo. Zonse zili pabwalo: mipando, makapu, bedi, ndi mawailesi, mawailesi okhaokha. Masipika aatali atafola ngati ana a sukulu, magalamafoni atatu, mawaya odzaza beseni. Ogulitsa anali achimwene awo a malemu, bambo wa jekete lalikulu lomwe ndikuganiza kuti nalonso ndi la malemu. Sankadziwa chilichonse mwa zinthuzo. Mtengo ankatchula poona kukula. Chachikulu, chodula. Chaching'ono, tengani. Wa chipewa cha chikopa kunalibe, ndinayang'ana mpaka kuseri kwa mtengo.

Yakuda ija inali pansi pa tebulo. Yolemera bwino. Ndinanunkhiza: polishi ndi mafuta a makina. Kachitseko ka kaseti kamakana kutseguka, ndiye ndinakwinya nkhope. "Iyi ndi yakufa, bambo." Anati, "Ndiye chotsani chakufacho pano, perekani yomwe muli nayo." Ndinaikulunga m'chitenje mtima ukuvina.

Potuluka m'pamene ndinaona mayi atakhala pa mphasa kumapeto kwa khonde. Zovala zakuda, thupi laling'ono, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku. Sankalira. Ankangotsatira ndi maso chinthu chilichonse chotuluka pa geti, ngati munthu wowerenga nkhuku zake. Ndinanyonyomala. "Pepani amayi ndi zovutazi." Anayang'ana chitenje changa, osati ine.

"Imeneyo musamaiike padzuwa."

Basi.

Mtima unasiya kuvina ndisanafike ku tauni. Komabe ndafika nayo. Bambo a T. anaiyandikira atagwira mpeni wa patebulo, ati angoona kachitsekoko. Ndaitsekera m'sutikesi, kiyi ali pakhosi panga.

Lachitatu, 14 Ogasiti

aMusa anaizindikira chitenje chisanachoke chonse. Anaisisita pamwamba ngati mutu wa mwana. Kachitseko anakatsegula ndi kawaya, m'kati munali kaseti yopanda dzina. Anapukuta m'katimo ndi thonje la sipiriti, kudontheza mafuta, kubwezeramo kasetiyo. Atatsegula nkhani za madzulo, mawu onenepa, ngati wowerengayo wakhala nafe pa benchi. Kaseti sitinaimvere, makasitomala anali atafola. Ndalama anakana. "Ya a Kamtengeni sindilipiritsa."

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndiyambire pati.

Ndinalowa m'tchalitchi nditaisenza ngati mphatso ya pa chinkhoswe. Nthungululu. Amayi 23 kuizungulira, aliyense akufuna kudina. Mayi busa akuti mwaona, pemphero limagwira ntchito. Ndinaiika pa benchi ya kutsogolo, ndikufotokoza ngati ndinabadwira m'sitolo ya mawailesi. Elube akuti tiyese kaye kaseti ili m'katimo, mwina muli nyimbo. Ndinadina.

Kutsokomola. Mpando kukhwekhwereza. Kenako mawu a bambo wachikulire, okuya, aulemu:

"Nangozo. Ndine mwamuna wanu. Ndalakwa." Zii. "Ayi, zikumveka ngati ndili ku khoti. Ndiyambirenso."

Batani kulira, kenako:

"Nangozo, mayi wa ana anga, duwa la kwa Ganya. Ayi, duwa andiseka. Ndiyambirenso."

"Nangozo, munthu ndi munthu, amalakwa. Ngakhale inuyo mu 1982 munapsereza jekete langa. Ayi, ayi, zimenezo ziutsa zina."

Amayi anagwera pa mabenchi. Mayi busa misozi ili mbwee, akupukuta ndi duku. Inenso ndinaseka mpaka nthiti kupweteka, ndisaname. Tinabweza katatu. Pulakatisi sinachitike. Potuluka aliyense akuuza mnzake, mawu atawakulitsa, "Ndine mwamuna wanu, ndalakwa."

Tagwirizana kujambula Lachinayi likudzali, pa 22. Abusa apita nayo okha ku Dedza m'mawa mwake.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndaweruka msanga, nyumba ili phee, ndamvera yonse ndekha.

Amayambiranso ka 16. Ndawerenga. Masiku osiyanasiyana, chifukwa pena kukumveka mvula pa malata, pena ana akusewera mpira panja, pena akungoti "akubwera" n'kuzimitsa msanga. Chifuwa chikunka chikula. Nkhani yeniyeni ikutuluka kumbali yachiwiri ya kaseti. Mu 1979 makina osokera a mayiwo, omwe anapatsidwa ndi bambo awo, anasowa m'nyumba. Malemuwo anati ndi akuba, anaswa okha galasi la zenera kuti zioneke zoona. Chonsecho anawagulitsa kwa telala kuti agule ampulifaya pa selo ya mzungu wina ku Area 43. "Inali ya mababu, Nangozo, simungamvetse." Kenako, "Ayi, zoti simungamvetsezo ndichotse."

Komaliza sikoseketsa. Mawu atha, akupuma pakati pa chiganizo. "Nangozo, makina aja sanabe akuba. Ndinagulitsa ine. Zaka zonsezi mwakhala mukutseka mawindo kawiri chifukwa cha bodza langa. Mundikhululukire. Iyi ndiye ndikupatsani mawa." Kenako mpando, kenako tepi ikungoyenda yopanda kanthu.

Kachitseko kaja kanakana kutseguka, mwina n'chifukwa chake. Mwina mawa lakelo anawatengera kuchipatala. Mwina anangochita mantha.

Ndinakhala pomwepo mpaka madzi a tiyi anaphwa pa mbaula.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndinapita kogula ndiwo. Pobwera sutikesi ili momwe ndinaisiyira, kiyi ali pakhosi panga, koma mabatire afooka. Loko ali ndi mikwingwirima ya mpeni wa patebulo.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Titadya masana bambo a T. anakhala moyang'anizana nane, manja pa maondo, kutsokomola kawiri. Ndinaganiza kuti awachotsa ntchito ku Kanengo.

"Amake Tracy. Ndine mwamuna wanu. Wailesi ija sinali yokalamba. Ndinawononga ine. Munthu ndi munthu."

"Mwadumpha duwa la kwa Ganya."

"Duwalo ndinaliganizira, koma inu kwanu n'ku Linthipe."

Zaka 19 za ukwati, kupepesa koyamba, nakonso kwa kaunjika. Ndalandirabe. Ndanunkhiza, sikukununkha kupsa.

Patapita kanthawi anafunsa motsitsa, maso ali pa sutikesi, "Mayiwo anaimva?" Ndinapita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Lolemba, 19 Ogasiti

Pa siteji m'mawa kondakitala anaponda phazi la mayi wina, n'kunena mawu atawakulitsa, "Nangozo, ndalakwa, ndiyambirenso." Minibasi yonse kuseka. Masiku anayi okha. Amayi 23, aliyense ndi wa kunyumba kwake, wa kunyumba aliyense ndi anzake a pa bawo. Minibasi zathu za ku Kawale kuno zimafika ku depoti, ndipo za ku 18 zimanyamukira pomwepo.

Tsiku lonse ndimangoona mayi uja pa mphasa, akumva mawu a mwamuna wake m'kamwa mwa kondakitala. Kalata imodzi ndinaitayipa katatu.

Ndauza Elube kuti mawa ndikukapereka kaseti. Akuti chabwino, kaseti si yathu. Ndati ndipita ndi wailesi yomwe, nanga amvera pa chiyani, ndi makapu omwe anawagulitsira. Akuti, "Upite nayo, amvere, ubwere nayo. Jemima, ubwere nayo." Ndati ee.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Dzino lija layambiranso. Abwana akuti ndikangolichotsa.

Pabwalo pa ku 18 pasesedwa, palibe kanthu. Abale anapita. Ndinaodira kawiri. M'nyumba mawu amabwerera ngati m'tchalitchi chosatha kumanga: mphasa, mpando umodzi, kalendala. Pakhoma mizere yoyera momwe munali mashelefu. Anandizindikira. Anayang'ananso chitenje.

Ndinagwada n'kunena zonse, ndi za kusekazo, ndi za kondakitala. Ndinati zikawapeza kwina zisawadzidzimutse, wolakwa ndine. Anatenga wailesi, kuiika pa mpando, iwo kukhala pansi. Chala chawo chinapeza batani osayang'ana n'komwe.

Ndinati ndikadikire panja. Anati, "Khalani. Kawale yense wamva, ndikubisireni chiyani."

Pa duwa la kwa Ganya anati, "Mhm." Pa jekete anati, "Munali mu 83, ndipo ayironi anaisiya okha." Ankayankha malemuwo ngati akhala pa mpandopo, akuwaitana ndi mfunda wawo. "Pitirizani." "Nenani zenizeni, a Mbewe." Mbali yoyamba itatha anatembenuza okha kaseti. Itafika pa makina osokera, ndinayang'ana pansi.

Anamvera mpaka kumapeto, mpaka tepi yopanda kanthu ija, mpaka batani linadumpha lokha. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinasendera pafupi kuti ndiwagwire. Amaseka. Misozi inalipo, koma amaseka.

"Makina anga ndinawapeza sabata yomweyo kwa telala wa ku Mchesi. Bambo anga anali atazokota dzina langa pansi pake ndi msomali. Akuba ake ati oswa zenera, magalasi n'kugwera panja?"

"Osawafunsa, amayi?"

"Ndiwafunsirenji? Khirisimasi iliyonse ndi Isitala iliyonse ndinkakasoketsa diresi pa makina anga omwewo, ndikuuza telala kuti akalipira ndi bambo. Iwo osadandaula ngakhale kamodzi, poti mtima unkawatsutsa. Mawindo ndinkatseka kawiri dala, iwo akuona." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma ndinkafuna anene ndi pakamwa pawo. Onani, anena. Anena mpaka kutopa."

Anabweza kaseti, n'kudinanso poyambira. Ndinadikira kuti mwina anenapo za wailesi. Sananene. Ndinayang'ana chipinda chija, mpando umodzi, wailesi ili pampandopo. Mawu a Elube anali m'khutu, koma pakamwa panga, pomwe sipatopa paja, lero panakana. Ndinapinda chitenje changa n'kutsanzika. Ndili pakhomo anatsitsa voliyumu n'kufunsa kuti ndimapemphera kuti, ndipo wailesiyo ndinkaifunira chiyani. Ndinanena mwachidule. Anagwedeza mutu, kukwezanso a Mbewe.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Elube sakundiyankhula. Wandisiyira pakhomo choumitsira tsitsi chija ndi kapepala: "Atsogoleri, mujambulire ichi."

aMusa alibe yobwereketsa, zonse n'za eni ake. Ya aneba imajambula, koma imawonjezera phokoso lakelake ngati mvula ya matalala. Bambo a T. adzipereka kuti ayesenso kulumikiza yakale ija. Ndabisa mipeni.

Mawa ndikauza amayi ndekha. Ndayeserera pagalasi kanayi, nthawi zonse zikutuluka ngati a Kamtengeni.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ndinafika msanga kuti ndisalowe anthu atakhala kale. Amayi anabwera atavala yunifolomu, ngakhale kaseti siona. Onse akuyang'ana m'manja mwanga. Ndinaimirira kutsogolo, kutsokomola, ndangoti "Amayi anzanga," chitseko cha kumbuyo chinalira.

Nangozo. Zakuda zomwe zija, wailesi pamutu, kachikwama m'manja. Akwera minibasi ziwiri okha, kufunsa njira pa chigayo. Amayi sankawadziwa, koma wailesi anaidziwa. Anadutsa pakati pa mabenchi osafulumira, n'kutula.

"Ndine Nangozo uja," anatero. "Ofuna kuseka sekani panopa. Tikayamba kujambula sindifuna phokoso."

Palibe anaseka. Ena maso pansi, ena kudenga. Mayi busa anapita kukagwada, iwo anawadzutsa, akuti nthawi ikutha, dzuwa likapendeka minibasi zimavuta.

M'kachikwama munali maikolofoni yeniyeni, yachitsulo, ili ndi ufa m'timabowo. Anaibisa m'ndowa ya ufa tsiku lomwe alamu awo anafika. Anaiuzira, kuipukuta, kuimangirira ku ndodo ya tsache ndi mphira, ndodoyo kuimika pakati pa mabenchi awiri. Anatseketsa mawindo a ku msewu. Anatuma Elube kukapempha a chigayo kuti azimitse kwa theka la ola, ndipo anazimitsadi, sindikudziwa anakawauza zotani. Kaseti yatsopano yomwe ndinagula kalekale anaizunguliza pang'ono ndi chala kuti tepi yoyera ya poyambira idutse. Akuti zaka zonsezo akuonerera, munthu ungalephere bwanji.

Tinaimba yoyamba. Anabweza, tinamvera. Amayi kukondwa kumva mawu awo, ena kubisa nkhope m'manja. Iwo nkhope ili gwa. Anabwezanso pang'ono, khutu pa sipika.

"Pali mmodzi akuthamangira kutsogolo kwa anzake, ndipo akukwera pomwe nyimbo ikutsika. Mawu aakulu, okoma ndithu, koma akuimba nyimbo yakeyake."

Ndinayang'ana a alito mwaukali. Ndinati aimbe okha. Bwinobwino. A sopulano awiriawiri. Bwinobwino. Ndinati ndiye kuti ndi ufa uli m'maikolofonimo.

"Tiyese motere," anatero Nangozo. "Atsogoleri, imbitsani ndi manja okha, pakamwa mutseke."

Tinabwereza, ine milomo nditaluma. Anabweza. Nyimbo inatuluka yoyera, yosalala, ngati ya anthu ena. Palibe ankandiyang'ana. Amayi onse 23 anapeza mwadzidzidzi choti akonze pa duku. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikutsogolera kwaya imeneyi. Elube anasendera, koyamba kundiyankhula kuyambira Lolemba.

"Tinkafuna tikuuze, amwali. Koma umayamba ndiwe kufika, ndipo kiyi wa tchalitchi umasunga ndiwe."

Ndinati chabwino, ndiziimbitsa chete. Nangozo anakana.

"Mawu amenewo sotaya. Apite mzere wa kumbuyo, pakati pa awiri odekha aja, aziwagwira. Kuimbitsa aimbitse awa opita kuchigayowa."

Ndinapita. Anandipatsa malo pakati pa amake Aleke ndi mayi busa, aliyense kusendera pang'ono mwaulemu. Kumbuyoko sindinaimeko chiyambire. Umaona maduku okhaokha, ndi Elube kutsogolo, manja ali m'mwamba, akuyesetsa kuti asandiyang'ane. Nangozo anaika chala pa batani lofiira, n'kundiyang'ana ineyo pakati pa mitu yonseyo, kenako anadina.

Ndinadikira anzanga ayambe.